Stephanie Kwolek ndi ulusi wa Kevlar: kodi katswiri wa kemisitiri wa m'kampani amagwira ntchito yanji?

Mu Ogasiti 2025 kampani ya DuPont ya ku America inalengeza kuti yagwirizana ndi kampani ina, Arclin, kuti iigulitse nthambi yake yopanga ulusi wolimba kwambiri wa Kevlar ndi wina wosagwira moto msanga wa Nomex pamtengo wa madola pafupifupi 1.8 biliyoni. Paliponse pamene patchulidwa Kevlar, dzina limene limatsatira ndi la mayi Stephanie Kwolek, amene anagwira ntchito ku DuPont zaka 40 ndipo anamwalira mu 2014. Koma zimene anthu amakamba za mayiwa zimasokonekera panjira. Ena amati ndiwo anapanga jekete yosalowa chipolopolo. Ena amayesa kuti Kevlar ndi mtundu wa chitsulo. Enanso amati anangoutulukira mwamwayi, kenako n'kulemera nawo.

Jeketeyo sanasoke ndi iwo, Kevlar si chitsulo, ndipo ndalama zankhaninkhani zimene ulusiwu wabweretsa sizinalowe m'thumba mwawo. Nkhani ya mwayi ndiyo yofunika kuifatsira, chifukwa ndi imene imaonetsa bwino chimene katswiri wa kafukufuku wa m'kampani amalipidwira.

Ntchito yosaoneka

Kemisitiri ndi sayansi yofufuza zimene zinthu zinapangidwa nazo, ndi mmene zimasinthira zikasakanizidwa, zikatenthedwa kapena zikasungunulidwa. Akatswiri ake ena amaphunzitsa ndi kufufuza m'mayunivesite. Ena ambiri amalembedwa ntchito ndi makampani opanga penti, feteleza, sopo, mankhwala, pulasitiki ndi ulusi, ndipo awa ndi amene tikukamba pano.

Wa ku yunivesite akatulukira chinthu amathamangira kuchilemba kuti dziko lonse liwerenge, pakuti mbiri yake imakula ndi zolemba. Wa m'kampani amayamba wasunga pakamwa. Chilichonse chimene wayesa amachilemba m'buku la mu labotale, n'kuika deti, ndipo nthawi ya a Kwolek zinali zozolowereka kuti mnzako asainire tsambalo ngati mboni, kuti mawa kukabuka mkangano kukhoti, kampani idzaonetse kuti inayamba ndi iyo. Mafunso amene amayankha ndi osiyananso. Sikokwanira kuti chinthucho chatheka m'kabotolo. Kodi chingapangidwe matani masauzande? Pamtengo wanji? Nanga ogwira ntchito m'fakitale sichiwadwalitsa? Alipo woti agule? Zoyesa zambiri zimafera pa limodzi la mafunso amenewa, ndipo munthu akhoza kutha zaka zambiri akugwira ntchito yabwino popanda chimodzi chofika pamsika.

Anafuna udokotala

Stephanie Louise Kwolek anabadwa pa 31 Julaye 1923 ku New Kensington, kufupi ndi Pittsburgh m'chigawo cha Pennsylvania. Makolo awo anachokera ku Poland. Bambo awo ankakonda zachilengedwe, ankayenda ndi mwana wawoyo m'tchire kutola masamba ndi njere, koma anamwalira iye ali ndi zaka 10. Mayi awo anali odziwa kusoka, ndipo kwa kanthawi mtsikanayu ankalota zodzakhala wojambula masitayilo a zovala.

Mu 1946 anatenga digiri ya kemisitiri ku Margaret Morrison Carnegie College, koleji ya atsikana ya sukulu imene lero ndi Carnegie Mellon University. Mtima unali pa udokotala, koma ndalama za sukuluyo panalibe. Anaganiza zoyamba agwirako ntchito kwa zaka zochepa kuti asunge fizi. Amene anawafunsa mafunso ku DuPont anali William Hale Charch, mkulu wa kafukufuku wa ulusi, ndipo atamaliza anati yankho libwera pakatha masabata awiri. A Kwolek anapempha kuti afulumireko chifukwa kampani ina inali kudikira yankho lawo. Charch anaitana mlembi wake nthawi yomweyo n'kumuuza mawu a kalata yowalemba ntchito iwo ali pompo.

Anayambira ku Buffalo, m'chigawo cha New York, ndipo mu 1950 anasamukira ku Wilmington, Delaware, kumene labotale yawo inasamutsidwira. Za udokotala zinathera pomwepo, ntchito inawakomera.

Kampani imene analowayi inali ndi mbiri yakeyake. Inayamba mu 1802 ngati fakitale ya wonga wa mfuti m'mbali mwa mtsinje wa Brandywine. N'zoseketsa pang'ono kuti ulusi wotchinga zipolopolo unadzachokera kwa ogulitsa wonga. Pofika m'ma 1930 kampaniyi inali itatembenukira kwambiri ku zinthu zina, ndipo mu 1935 gulu la Wallace Carothers linapanga nayiloni, ulusi umene unabweretsa ndalama zoti akuluakulu a kampani anakhulupirira kuti kulipira anthu ofufuza zinthu zimene palibe amene waitanitsa si kutaya chuma.

Polima n'chiyani?

Chinthu chilichonse chinapangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maatomu. Maatomu akagwirana angapo amapanga molekyu. Molekyu ya madzi ili ndi maatomu atatu okha. Koma pali mamolekyu ena aataliatali, opangidwa ndi kachigawo kamodzi kobwerezedwa mazanamazana kapena masauzande, kolumikizana ngati mphete za unyolo. Amenewa ndi mapolima. Thonje ndi polima, ubweya ndi polima, mphira ndi polima. Nayiloni, poliyesita ndi pulasitiki ndi mapolima opangidwa ndi anthu. Ganizo loti mamolekyu otalika chonchi alipodi analibweretsa ndi Hermann Staudinger wa ku Germany mu 1920, ndipo anzake ambiri anamutsutsa zaka zingapo asanavomereze. Choncho pamene a Kwolek ankayamba ntchito, sayansi imeneyi inali idakali yanthete.

Kuti polima isanduke ulusi, imayenera kukhala yamadzimadzi kaye. Kenako imakankhidwa kudutsa pa kachitsulo kokhala ndi timabowo tating'ono kwambiri, kotchedwa spinneret, ndipo imatuluka ngati timitsitsi n'kuuma. Nayiloni savuta: amamutenthetsa kupitirira madigiri 250 a Celsius mpaka asungunuke, n'kumukankha. Vuto limabwera ndi mapolima amene sasungunuka ndi moto, amene ukawatenthetsa amangopserera. Ndipo amenewa ndi omwe anali ofunika, pakuti ulusi wosasungunuka pamoto ndi umene ungapirire malo otentha.

Apa ndi pamene a Kwolek anathera zaka zawo zoyamba. Pansi pa Paul Morgan, anakhala katswiri wa njira zopangira mapolima popanda kutentha kwambiri, pogwiritsa ntchito mankhwala olusa amene amagwirana okha akangokumana. Mu 1959 awiriwa analemba za chionetsero china chimene mpaka lero aphunzitsi a kemisitiri amachita m'kalasi. M'kapu yagalasi mumathiridwa madzi okhala ndi mankhwala amodzi, ndi zosungunulira zina zosasakanikirana ndi madzi zokhala ndi mankhwala achiwiri. Ziwirizo zimakhala china pamwamba china pansi, ndipo pamalire pake pamachita kachikopa kopyapyala ka nayiloni. Ukakatsina ndi kopanira n'kukoka, kamatuluka ngati chingwe, ndipo pamene wachotsapo pamabadwa kena nthawi yomweyo. Ukhoza kukulunga chingwecho pakamtengo mamita ndi mamita mpaka mankhwala atha m'kapu.

Chionetserochi n'chosangalatsa ana, koma luso lobisika kuseri kwake ndi limene linadzagwira ntchito: kudziwa kuti polima yakuti imasungunuka m'chiyani, imauma liti, imaoneka bwanji ikakhala bwino ndi ikalakwika. Pofika 1964 a Kwolek anali atatha zaka 18 akuyang'ana m'mabotolo otere.

Madzi otuwa amene ena akanataya

Mu 1964 DuPont inkayembekezera kuti mafuta a galimoto adzasowa m'tsogolo. Galimoto yopepuka imamwa mafuta ochepa, ndipo m'matayala mumakhala mawaya achitsulo olemera. Kampani inafuna ulusi wopepuka koma wolimba woti ulowe m'malo mwa mawayawo. A Kwolek anapatsidwa ntchito yoyesa gulu la mapolima amene mamolekyu ake ndi owongoka ndi osapindika, amene lero amatchedwa aramid. Kuwapanga kunali kovuta, kuwasungunula kunali kovutirapo.

Mu 1965 anakwanitsa kusungunula imodzi mwa izo, poly-p-benzamide. Chimene chinatuluka sichinali chimene aliyense ankayembekezera. Polima ikasungunuka bwino imakhala yoonekera mkati, yokhuthala ndi yonata. Iyi inali yotuwa mbuu, yopyapyala ngati madzi, ndipo ukaitakasa inkanyezimira. Kwa munthu aliyense wa mu labotale, kutuwa kumatanthauza kuti muli tizidutswa tosasungunuka, ndipo kupyapyala kumatanthauza kuti maunyolo ndi aafupi, polima yalephereka. Zotere zimatayidwa, munthu n'kuyambiranso.

Charles Smullen, amene ankayendetsa makina opotera ulusi, anakana kuithira m'makina ake. Sitingamunene, anali ndi chifukwa chomveka: tizidutswa tikatseka timabowo ta spinneret, ntchito imaima. A Kwolek anaisefa pa sefa yothina kwambiri, ndipo yonse inadutsa, osasiya kanthu, koma kutuwa kuli pomwepo. Ndiye kuti kutuwako sikunali kwa zinyalala. Anapitiriza kumuumiriza kwa masiku angapo mpaka Smullen anagonja.

Ulusi unatuluka popanda vuto. Poukoka ndi manja sunaduke monga amachitira nayiloni. Atautumiza kokayeza, manambala anabwera okwera moti a Kwolek sanauze akuluakulu msanga. Anaopa kuti mwina oyezawo alakwitsa, iwo n'kudzachita manyazi, choncho anabwezanso ulusiwo kuti uyezedwe kachiwiri ndi kachitatu. Zotsatira sizinasinthe. Pa kusatamuka, unaposa kasanu ndi kanayi ulusi uliwonse umene anapangapo.

Kodi umenewu ndi mwayi? Mbali ina inde, pakuti sanakonze dala kuti madziwo atuwe. Koma botolo lomwelo likanakhala m'manja mwa munthu wongoyamba kumene ntchito, likanathera mu sinki. Kuti uzindikire kuti chachilendo ichi si cholakwika wamba, uyenera kukhala utaona zolakwika wamba zambirimbiri. Ndipo kuti uumirize munthu amene akuteteza makina ake, uyenera kukhala ndi umboni, osati kungomva m'thupi. Sefa ija inali umboniwo.

Chinsinsi chili pa kagonedwe ka mamolekyu

Mamolekyu a mapolima ambiri ndi ofewa, amapindika ndi kukolana. N'chifukwa chake akasungunulidwa madzi ake amakhuthala: chilichonse chikukola chinzake. Ulusi wochokera pamenepo umakhala ndi maunyolo ena oyang'ana uku ena uko, ndipo ukaukoka, amayamba awongoka kaye, ndiye kutamuka kuja.

Mamolekyu a a Kwolek anali ngati mitengo ya machesi. Ponyani mitengo yowerengeka m'mbale, uliwonse ugwera kwake, wina chopingasa wina chotere. Muziwonjezera mpaka malo athine. Kuti yonse ikwane, imayamba kugona moyang'ana mbali imodzi, monga imakhalira m'bokosi lake. Mitengo yogona chonchi sikolana, imatsetsereka mosavuta m'mbali mwa inzake, n'chifukwa chake madzi aja anali opyapyala. Timagulu ta mamolekyu ondandalikana timamwaza kuwala, n'chifukwa chake anali otuwa ndi onyezimira. Chinthu chimene chikuyenda ngati madzi koma mamolekyu ake ali pamzere chimatchedwa liquid crystal. Paul Flory, amene anayamba ntchito yake ku DuPont komweko pansi pa Carothers, anali atawerengera kale mu 1956 kuti mamolekyu owongoka akachuluka m'madzi ayenera kuchita zimenezi. A Kwolek ndiwo anazipeza mu polima yoti n'kupota ulusi.

Madzi otere akamadutsa pa kabowo ka spinneret, timagulu tonse timatembenukira kumene ulusi ukulowera. Ukauma, pafupifupi unyolo uliwonse umakhala utagona m'litali mwa ulusiwo. Ndiye ukaukoka, palibe chowongoka, ukulimbana ndi kugwirana kwa maatomu enieniwo, komwe ndi kolimba zedi. M'mbali namo maunyolo amagwirana ndi anzawo kudzera m'maatomu a haidrojeni ndi okosijeni, kugwirana kofookerapo koma kochuluka.

Mawu oti Kevlar ndi wolimba kasanu kuposa chitsulo amafuna kuwamvetsa bwino. Kuyerekezako n'kwa kulemera kofanana, ndiponso n'kwa kukoka. Chingwe cha kilogalamu imodzi ya Kevlar chimanyamula katundu wochuluka pafupifupi kasanu kuposa chingwe chotalika mofanana cha kilogalamu imodzi ya chitsulo. Gawo lalikulu la kusiyanaku likuchokera pa kupepuka: Kevlar wodzaza malo a lita imodzi amalemera makilogalamu 1.44, chitsulo pafupifupi 7.8. Koma pa kupsinja, Kevlar ndi wofooka, maunyolo ake amakhwinyata. Simungamange mzati wa nyumba ndi Kevlar. Dzuwa limamuwononga pang'onopang'ono, ndiye nthawi zambiri amakutidwa ndi nsalu ina. Pamoto sasungunuka, amayamba kuwonongeka kutentha kukapitirira madigiri 400. Mtundu wake wachibadwa ndi wachikasu.

Kuchoka m'botolo kufika m'fakitale

Apa ndi pamene nkhani zambiri zimadumpha, chonsecho ndi pamene panalowa ndalama ndi anthu ochuluka. Polima imene a Kwolek anayamba nayo si imene ili mu Kevlar wa lero. Zopangira zake zinali zodula. Kampani inasankha mbale wake, amene amafupikitsidwa kuti PPTA, wopangidwa polumikiza mankhwala awiri, p-phenylenediamine ndi terephthaloyl chloride. Koma ameneyu amasungunuka bwino mu asidi wa sulfuric wosasakaniza ndi madzi, amene amadya khungu ndi zitsulo zambiri. Tangoganizani fakitale yonse yoyenda ndi asidi wotere.

Cha m'ma 1970 katswiri wina wa kampaniyo, Herbert Blades, anapeza njira imene inapangitsa zonse kutheka. Anaona kuti akatenthetsa asidiyo angathe kusungunuliramo polima yochuluka, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. Kenako m'malo momiza spinneret m'madzi, anasiya kampata kakang'ono ka mpweya pakati pa spinneret ndi madzi ozizira. M'kampata kameneka ulusi umakokeka uli wofewa, mamolekyu n'kuwongokeratu, kenako madzi amatsuka asidi ndi kuumitsa ulusiwo. Ulusi unatuluka wolimba kwambiri kuposa kale, ndiponso mofulumira. Dzina la Blades silidziwika kunja kwa akatswiri, koma popanda kampata kake Kevlar akanakhala chodabwitsa cha mu labotale basi.

Ulusiwu unayamba kugulitsidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, poyamba ukutchedwa Fiber B. Mavuto sanathe. Popanga polimayo ankagwiritsa ntchito chosungunulira china chotchedwa HMPA, ndipo pakati pa zaka za m'ma 1970 kafukufuku wa kampani yomweyo anaonetsa kuti chimayambitsa khansa m'mphuno mwa makoswe. Panafunika china. Cholowa m'malo chabwino, NMP wosakaniza ndi mchere wa calcium chloride, chinali chitapezedwa ndi akatswiri a kampani ya Akzo ya ku Netherlands, imene inkapanga ulusi wofanana wotchedwa Twaron. Ndiye zinali chonchi: Akzo inali ndi umwini wa njira yopangira polima, DuPont inali ndi umwini wa njira yopotera ulusi. Anakokanakokana m'makhoti a mayiko angapo mpaka anagwirizana mu 1988. Twaron alipobe, pano ali m'manja mwa kampani ya Teijin ya ku Japan.

Pofika pamene fakitale yaikulu ya ku Richmond, Virginia, inkayamba kugwira ntchito mokwanira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, DuPont inali itawononga madola pafupifupi 500 miliyoni. Ndipo msika umene ankaudalira sunabwere monga ankayembekezera. Opanga matayala ambiri anakhalabe ndi waya wachitsulo chifukwa unali wotchipa. Kampani inayenera kusakasaka ogula ena mmodzimmodzi: opanga zingwe zomangira sitima zapamadzi, magolovesi a ogwira magalasi ndi malata, mabuleki a galimoto pamene asibesitosi ankaletsedwa, ziwalo za ndege, zipewa za asilikali, ndiponso ulusi wolimbitsa mawaya agalasi amene amanyamula intaneti.

Nanga jekete ija?

Ganizo loika Kevlar m'chovala cha apolisi linakula kunja kwa labotale ya a Kwolek. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Lester Shubin wa nthambi ya kafukufuku ya unduna wa zachilungamo ku America ndi Nicholas Montanarelli wa kafukufuku wa asilikali anatenga nsalu ya ulusi watsopanowu, anaipinda kangapo, n'kuiwombera ndi mfuti yam'manja. Zipolopolo sizinabowole. Anayesanso pa mbuzi zogonetsedwa ndi mankhwala kuti aone chimene chimachitikira ziwalo zam'kati. Mu 1975 majekete 5,000 anagawidwa kwa apolisi a m'mizinda 15 kuti ayesedwe pantchito, ndipo mu Disembala chaka chomwecho wapolisi wa ku Seattle anapulumuka atawomberedwa atavala imodzi mwa izo.

Jekete yotere imakhala ndi nsalu zambiri zosanjikizana. Chipolopolo chikagunda, timaulusi timene chakhudza sitiduka msanga, ndipo popeza sititamuka, timapatsira mphamvuyo kwa anzake mofulumira kwambiri mpaka imwazike pamalo aakulu. Chipolopolo chimaphwatalala n'kuima. Koma mphamvuyo sisowa, thupi limailandirabe. Munthu amatha kutupa kapena kuthyoka nthiti. Poyeza majekete ku America amaika dongo kuseri kwake n'kuwombera, ndipo dzenje lotsala m'dongolo siliyenera kupitirira mamilimita 44.

Mawu oti yosalowa chipolopolo amanamiza. Jekete yofewa inapangidwira mfuti zam'manja ndi tizidutswa ta mabomba. Chipolopolo cha mfuti yaitali ya nkhondo chimathamanga kwambiri ndipo chimabowola, n'chifukwa chake asilikali amaikamo mbale zolimba za ceramic kapena zachitsulo. Chinthu chosongoka ngati chisongole chimatha kudutsa pakati pa timaulusi, ndiye majekete oteteza ku mipeni amalukidwa mwa njira ina. Nsalu ikanyowa kapena ikakalamba mphamvu imachepa, ndipo opanga ambiri amalonjeza zaka zisanu zokha.

Ngakhale zili choncho, chiwerengero cha opulumuka n'chachikulu. Mu 1987 DuPont ndi bungwe la akuluakulu a apolisi la IACP anakhazikitsa kaundula wa apolisi amene moyo wawo unapulumutsidwa ndi zovala zoteteza, ndipo mayina ake anapitirira 3,000.

Mwini wake ndani?

Patenti ndi chiphaso chimene boma limapereka kwa wotulukira chinthu, chomupatsa mphamvu yoletsa ena kuchipanga kwa zaka zowerengeka. Nthawi imeneyo ku America zinali zaka 17, lero m'mayiko ambiri ndi zaka 20 kuchokera tsiku lopempha. Pachiphasocho pamalembedwa dzina la munthu amene anatulukira, koma umwini ukhoza kuperekedwa kwa wina. Katswiri akamalowa ntchito m'kampani amasaina kuti zonse zimene adzatulukire pantchitoyo n'za kampani. A Kwolek anachita chimodzimodzi. Dzina lawo lili pa mapatenti angapo, koma phindu la Kevlar linapita ku DuPont, iwo n'kumalandira malipiro awo a pantchito.

Anthu amaiona mosiyana nkhaniyi. Ena amati kampani ndiyo inagula mabotolo, inalipira malipiro zaka zonse zimene panalibe chotuluka, inaika madola mamiliyoni mazana pachiswe, ndipo Kevlar akanalephera katswiriyo sakanabweza ngakhale senti. Amawonjezanso kuti ngati wotulukira woyamba apatsidwa gawo, nanga Blades, nanga Smullen, nanga mainjiniya mazanamazana amene anaweta asidi uja? Ena amati munthu amene maso ake anaona chimene ena onse akanataya sayenera kulandira mofanana ndi amene sanatulukire kanthu, ndipo achinyamata aluso amathawa ntchito imene mphotho yake ndi mendulo chabe.

Mayiko nawonso sagwirizana. Germany ili ndi lamulo la 1957 lokakamiza makampani kupereka kenakake kwa wantchito amene watulukira chinthu chopindulitsa. Ku Japan, Shuji Nakamura, amene anathandiza kupanga nyali ya LED ya buluu ali ku kampani ya Nichia, anapatsidwa bonasi ya ma yen (ndalama ya ku Japan) 20,000 okha. Anakasuma, ndipo mu 2005 mlandu unatha pogwirizana ma yen pafupifupi 840 miliyoni. Ku America nkhaniyi imasiyidwa kwambiri m'manja mwa mgwirizano wa pantchito.

Zaka zotsiriza

A Kwolek sanapite nawo Kevlar kufakitale. Anakhalabe mu labotale, akupanga ndi kuyesa mapolima ena a gulu lomwelo, mpaka anapuma pantchito mu 1986. Ulemu waukulu unabwera mochedwa, atapuma kale. Mu 1995 DuPont inawapatsa Lavoisier Medal, mendulo yake yapamwamba ya zasayansi, ndipo mpaka imfa yawo anali mayi yekhayo amene anailandirapo. Chaka chomwecho analowetsedwa mu National Inventors Hall of Fame, mndandanda waulemu wa otulukira zinthu ku America, mayi wachinayi kulowamo. Mu 1996 analandira National Medal of Technology kuchokera kwa Pulezidenti Bill Clinton, ndipo mu 1997 Perkin Medal, imene ndi mphotho yolemekezeka kwambiri ya kemisitiri wa m'mafakitale ku America.

Kuti anali mayi yekha pa mndandanda wa Lavoisier mu 2014 zikunena zambiri za nthawi imene anagwiramo ntchito. Analowa m'kampani nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itangotha, pamene mpata wa amayi m'malabotale unali utatseguka chifukwa amuna ambiri anali kunkhondo, ndipo mpatawo sunachedwe kuchepanso. Iwo anali ndi digiri yoyamba yokha pakati pa amuna ambiri a digiri ya udokotala wa sayansi. Sanakwatiwe.

Atapuma anapitiriza kulangiza DuPont pa nkhani za mapolima, ankathandiza ana a sukulu za sekondale pa phunziro la kemisitiri, ndipo ankayankhula kawirikawiri ndi atsikana ofuna kulowa sayansi. Apolisi ena opulumuka ankawafunafuna kuti awathokoze pamaso. Anamwalira pa 18 Juni 2014 ku Wilmington, ali ndi zaka 90.